Kabuku ka reported speech ka Fomu 3 ndi 4: momwe ntchito ikuyendera

Gulu lathu la aphunzitsi a Chingerezi likukonza kabuku ka masamba 24 kophunzitsira reported speech, mutu umene m'phunziro la Chichewa timautcha zoyankhula wina. Kabukuka ndi ka ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, makamaka m'sukulu zoyendera kumene buku limodzi amagwirizira anthu angapo. Tikukalemba moti mphunzitsi athe kukachita fotokope kapena kukakopera pa bolodi, ndipo kadzayendera limodzi ndi makhadi a manila ogwiritsa ntchito m'magulu. Mutuwu tinausankha chifukwa suthera pa mafunso a galamala okha. Umabweranso polemba lipoti, nkhani yopeka ndi chifupikitso, ndipo aphunzitsi anzathu mukudziwa kuti wolephera Chingerezi pa mayeso a MANEB sapata satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena.

Sabata yoyamba: kusanja zolakwa

Tisanalembe tsamba lililonse, mphunzitsi aliyense anabweretsa makope a kalasi yake. Tinakopera ziganizo zolakwika pa timapepala, chiganizo chimodzi pa kapepala kamodzi, popanda dzina la mwini kope, n'kuziunjika malinga ndi mtundu wa vuto. Milu inatuluka motere: alowam'malo, aneni say ndi tell, nthawi ya mneni, mawu a nthawi ndi malo, mafunso, malamulo ndi zopempha, ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Milu ikuluikulu inali ya mafunso ndi ya alowam'malo.

Chimene chinaonekera msanga n'chakuti tebulo la kusintha kwa aneni ophunzira ambiri amalidziwa. Mukafunsa kuti will amasanduka chiyani, kalasi yonse imayankha pamodzi kuti would. Koma wophunzira yemweyo, polemba nkhani yakeyake, amalemba kuti "My mother told me that I will come tomorrow", osazindikira kuti chiganizocho chikunena kuti wobwerayo ndi iye mwini osati mayi ake. Tebulo analoweza, koma sanadzifunse kuti akuyankhula ndani, akuuza ndani, ndipo liti. Choncho tinagwirizana kuti tebulo lisakhale pa tsamba loyamba. Lili pa tsamba 9, ndipo masamba oyambirira akuphunzitsa kuganiza kumene tebulo limatsamirapo.

Sabata yachiwiri: masewera a mthenga ndi alowam'malo

Phunziro loyamba liyamba m'Chichewa, kwa mphindi 10 pa mphindi 40 za piriyodi. Ophunzira atatu aimirira: mwini mawu, mthenga ndi wolandira uthenga. Mwini mawu awerenga khadi lolembedwa kuti "Ndadwala, sindibwera mawa." Mthenga ayenda mpaka kumbuyo kwa kalasi n'kunena kuti, "Akuti adwala, sabwera mawa." Palibe mwana amene amalephera zimenezi, chifukwa aliyense anatumidwapo kunyumba. Mphunzitsi afunse kuti chasintha n'chiyani ndipo chatsala n'chiyani. Woyankhula wasintha, koma mawa watsala chifukwa tsiku ndi lomwelo. Kenako mphunzitsi afufute Lolemba pa bolodi n'kulemba Lachisanu, mthenga aperekenso uthenga uja. Payekha mthenga amasiya mawu oti mawa n'kunena kuti Lachiwiri kapena tsiku lotsatira. Apa kalasi yadzionera yokha kuti mawu amasintha chifukwa woyankhula, tsiku kapena malo zasintha, osati chifukwa tebulo lalamula.

Pa ngodya ya bolodi pazikhala mafunso anayi amene sakufufutidwa mpaka mutu wonse uthe. Ananena ndani? Ankauza ndani? Akufotokoza tsopano ndi ndani? Papita nthawi yanji, ndipo tidakali pamalo omwewo?

Khadi loyamba la Chingerezi ndi la mnyamata Mphatso akuuza mtsikana Tadala kuti "I left your pen on my desk." Akafotokoza munthu wachitatu, chiganizo ndi "Mphatso told Tadala that he had left her pen on his desk." Akafotokoza Tadala, ndi "Mphatso told me that he had left my pen on his desk." Akafotokoza Mphatso mwini, ndi "I told Tadala that I had left her pen on my desk." Mawu amodzimodzi atulutsa ziganizo zitatu, zonse zolondola. N'chifukwa chake lamulo loti I amasanduka he kapena she sitinalilembe paliponse m'kabuku. Ndi lolondola pokhapokha wofotokozayo ndi munthu wina.

Poyesa makhadiwa panatuluka zinthu ziwiri zofunika kukonza. Choyamba, m'Chichewa iye, wake ndi ake sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndiye he ndi she zimasinthana m'kati mwa chiganizo chimodzi. Pamwamba pa apo, mayina ngati Mphatso, Tadala, Chikondi, Chisomo ndi Thoko amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe, moti wophunzira sangadziwe mlowam'malo woyenera ngakhale lamulo akulidziwa. Makhadi onse tsopano ali ndi kachithunzi ka mnyamata kapena mtsikana pambali pa dzina. Tinaikanso khadi limodzi la anyamata awiri mwadala, kuti aone kuti "he had left his pen on his desk" sichikuonetsa mwini cholembera. Njira yake ndi kubwereza dzina: "he had left Chisomo's pen on his own desk."

Chachiwiri ndi ulemu. Mwana woleredwa bwino amati agogo atopa, ndipo polemba amati "Grandmother said they were tired." Sanalakwe mtima, koma wowerenga Chingerezi amva kuti otopawo ndi anthu angapo. M'kabuku taika bokosi laling'ono lofotokoza kuti Chingerezi sichichulukitsa munthu pomulemekeza, ndipo kulemba she za agogo si mwano.

Tsamba la say ndi tell

Ili linatha msanga chifukwa Chichewa chikutithandiza. Kuuza kumafuna munthu wouzidwa. Palibe amene amati "anauza kuti abwera" osatchula wouzidwayo, ndipo "He told that he would come" ndi cholakwika pa chifukwa chomwecho. Kunena sikutenga munthu mwachindunji, ndipo "He said me" nachonso n'cholakwika. Wofuna kutchula munthu ndi say aikepo to, koma m'zoyankhula wina told me ndiye amamveka bwino kuposa said to me. Tell amakhala wopanda munthu m'mawu ochepa okhazikika monga tell the truth, tell a lie ndi tell a story.

Pamene Chichewa chimasokeretsa ndi pa aneni ngati explain, suggest, complain ndi reply. Ife timati anandifotokozera, ndiye wophunzira amalemba "He explained me". Aneni amenewa amafuna to: "He explained to me that the shop was closed." Mlumikizi that akhoza kusiyidwa pambuyo pa say, tell ndi think, koma pa mayeso tikulangiza kuti azimulemba, chifukwa amathandiza kuona pamene mawu a mwini akuyambira.

Sabata yachitatu ndi yachinayi: nthawi ya mneni

Gawo ili latenga nthawi yaitali kuposa ena onse. Gwero la vuto ndi lodziwika. Chichewa chimasunga nthawi imene mwini mawu anagwiritsa ntchito. Munthu akati ndikudwala, patapita sabata timati ananena kuti akudwala, ndipo palibe cholakwika. Chingerezi sichitero. Mneni wofotokozera akakhala wa nthawi yakale, monga said, told kapena asked, amakokera mneni wa m'kati sitepe imodzi kumbuyo. "I work" amakhala worked, "I am working" amakhala was working, "I have worked" ndi "I worked" onse amakhala had worked, ndipo "I was working" amakhala had been working. Will amakhala would, can amakhala could, may amakhala might. Mneni amene ali kale ndi had alibe kobwerera, amatsala momwemo, ndipo chimodzimodzi would, could, should, might, ought to ndi used to.

Had worked ophunzira amamumva bwino tikayambira pa chiganizo ngati "titafika pa siteji, basi inali itanyamuka". Kunyamuka kunachitika kufika kusanachitike, ndipo ntchito ya had left ndi yomweyo. Akamvetsa zimenezi, vuto lotsatira ndi maonekedwe achitatu a mneni. M'makope munali had went, had wrote, had took ndi had came. Izi si zolakwa za reported speech kwenikweni, koma zimadyetsa malikisi pa mutu uno. Tawonjezera theka la tsamba la aneni osatsata lamulo okwana 30, omwe amabwera kawirikawiri: go, come, take, bring, write, see, give, eat, steal, break ndi ena.

Tsamba limene tinalikambirana kwambiri ndi la pamene mneni sasintha. Mneni wofotokozera akakhala says, has said kapena will say, m'kati simusintha: "She says she is busy." Chinthu chikakhala choona nthawi zonse, nthawi yatsopano imatha kutsala: "The teacher said that water boils at 100 degrees Celsius at sea level." Chochitika chakale chimene chili ndi chaka chake nachonso nthawi zambiri chimatsala: "He said that Malawi became independent in 1964." Kulemba had become si kulakwa, koma sikuwonjezera kanthu chifukwa chaka chanena kale nthawi. Tagwiritsanso ntchito ziganizo ziwiri zoyandikana: "She said that Lilongwe is the capital" ndi "She said that Zomba was the capital until 1975." Choyamba chikadali choona lero, chachiwiri chinatha, ndipo ophunzira amaona kusiyanako mosavuta chifukwa nkhaniyo amaidziwa kale.

Koma pali malo amene kusabwerera kumbuyo kumasintha tanthauzo, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Mayi akati "I live in Dedza", timafotokoza kuti "she said she lived in Dedza". Akati "I lived in Dedza", tikasiya lived momwemo ziganizo ziwirizi zifanana, ndipo womva sadziwa ngati mayiyo anali akukhalabe ku Dedza pa nthawi imene ankayankhula. Pamenepa had lived ndi wofunika. Lamulo limene talemba ndi lakuti wophunzira awerenge chiganizo chake chatsopano n'kudzifunsa ngati munthu wina angabwezeretse mawu enieni a mwini kuchokera pa chimenecho.

Must ali ndi nkhope ziwiri. Akamanena zokakamiza amakhala had to: "You must pay by Friday" kukhala "he told us that we had to pay by Friday". Akamanena zimene munthu akuganiza kuti n'zoona, amatsala: "The baby must be hungry" kukhala "she said the baby must be hungry". Wolemba had to pamenepa akhoza kumveka ngati akunena kuti mwana anakakamizidwa kumva njala. Shall nayenso ali pawiri. "I shall be late" ndi would, koma "Shall I close the door?" ndi kufunsa maganizo kapena kudzipereka, ndiye pamakhala "asked whether he should close the door" kapena "offered to close the door".

Ziganizo za if tazipatsa ndime imodzi. "If it rains, I will plant" chimabwerera kumbuyo kukhala "if it rained, he would plant". Koma "If I had money, I would buy a bicycle" sichisintha aneni. Ophunzira okhoza ndi amene amagwa apa, chifukwa amatsata tebulo mpaka kumapeto n'kulemba had had ndi would have bought, zomwe zikunena za mwayi umene unadutsa kale, pamene mwini mawu ankanena za chikhumbo chimene akadali nacho. Nthambi za when ndi while za nthawi yakale nazonso zimatsala: "he said that when he arrived, they were eating."

Mawu a nthawi ndi malo

Ndandanda yake ndi yodziwika ndipo taiika pa theka la tsamba: today kukhala that day, yesterday kukhala the day before kapena the previous day, tomorrow kukhala the next day kapena the following day, last week kukhala the week before, next month kukhala the following month, ago kukhala before, now kukhala then. Tawonjezera dzana ndi mkuja, zimene ndandanda zambiri zimaiwala. The day before yesterday amakhala two days before, ndipo the day after tomorrow amakhala two days later.

Khadi lililonse la gawo lino lili ndi masiku awiri pamwamba, tsiku loyankhula ndi tsiku lofotokoza. Masikuwo akafanana, tomorrow amatsala tomorrow. Pa malo tachitanso chimodzimodzi. Here samasanduka there nthawi zonse. Ngati wofotokoza akadali pamalo omwewo, here amatsala, ndipo ngati womva sangadziwe kuti there ndi kuti, ndi bwino kutchula malowo: "she said she would wait at the borehole." Come ndi bring amatha kusanduka go ndi take malo akasintha. This nayenso sikuti nthawi zonse ndi that. "I bought this shirt in Limbe" amamveka bwino ngati "he had bought the shirt in Limbe", ndipo this woima payekha kawirikawiri amakhala it.

Sabata yachisanu: mafunso

Mulu wa mafunso unali ndi zolakwa za mitundu iwiri zochokera kosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Mtundu woyamba ndi "He asked me that where I was going". Uwu ukuchokera ku Chichewa, kumene timati anandifunsa kuti ndikupita kuti. M'Chingerezi mawu ofunsira, where, when, why, how, who, what, ndi amene amalumikiza, ndipo that alibe malo. Mtundu wachiwiri ndi "He asked me where was I going". Uwu sukuchokera ku Chichewa, chifukwa ife pofunsa sititembenuza mwininkhani ndi mneni. Ukuchokera ku zaka zambiri zophunzitsidwa kuti pambuyo pa where pamabwera mneni wothandizira. Wophunzira anagwira lamulolo mwamphamvu, ndipo sanauzidwe kuti funso likalowa m'kati mwa chiganizo china limasiya kukhala funso. Pano Chichewa ndi chothandiza: anandifunsa kumene ndinkapita ndi chiganizo chongofotokoza, chothera ndi mpumiro, ndipo where I was going ndi chimodzimodzi.

Kufotokoza pakamwa sikunakwane, ndiye tinadula makhadi a liwu limodzilimodzi. Gulu la ophunzira asanu limalandira envelopu yokhala ndi Where, does, your, father, work ndi khadi la mfunsiro. Amayala funsolo pa desiki. Kenako amaika "She asked me" kumanzere, amachotsa does ndi mfunsiro n'kuzibwezera mu envelopu, amasintha your kukhala my, amatembenuza khadi la work lomwe kuseri kwake kwalembedwa worked, n'kuika mpumiro. Dzanja likachotsa does kangapo, cholembera chimasiya kumulemba. Envelopu iliyonse ili ndi mafunso asanu ndi limodzi, ndipo ntchitoyi ikukwana bwino m'mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80.

Poyesa makhadiwa tinapeza mabowo anayi amene tawatseka ndi mafunso owonjezera. Loyamba, did akachotsedwa nthawi yakale imapita naye. "Where did you go?" ankatuluka "where I go". Nthawi inali pa did, ndiye iyenera kubwerera pa mneni weniweni, kukhala went, kenako had gone. Lachiwiri, m'funso lokana do sachoka: "Why don't you eat fish?" ndi "why I didn't eat fish". Lachitatu, mu "What do you do?" muli do awiri, ndipo wochoka ndi woyamba yekha, kutsala "what I did". Lachinayi, funso limene who kapena what ndiye mwininkhani silisintha dongosolo: "Who broke the window?" ndi "who had broken the window". Koma "Who is that man?" ndi "What is the time?" mneni amapita kumapeto, kukhala "who that man was" ndi "what the time was".

Mafunso oyankha inde kapena ayi amalumikizidwa ndi if kapena whether, monga ife timanenera kuti anafunsa ngati ndadya. Kawirikawiri onse awiri amagwira, koma whether yekha ndiye amaloledwa patsogolo pa to, monga "whether to go", pambuyo pa mperekezi, monga "about whether", ndiponso pamene or not akutsatira nthawi yomweyo. Ask satenga to patsogolo pa munthu wofunsidwa, choncho "asked to me" ndi cholakwika. Wofotokoza akafuna kusintha, wanted to know, wondered ndi enquired alipo.

Dongosolo lomweli ndi limene limagwira pofunsa mwaulemu: "Could you tell me where the hospital is?" Taika zitsanzo zinayi zoterezi chifukwa wophunzira adzazifuna pa intavyu ndi m'makalata, mayeso atapita kale.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: malamulo, zopempha ndi aneni ena

M'Chichewa timati anandiuza kuti ndipite, ndipo zotsatira zake m'makope ndi "He told me that I go". "He told me that I should go" ndi cholondola, koma njira yachidule imene imayembekezeka ndi mneni wofotokozera, munthu, to ndi mneni: "He told me to go." Pokana, not amatsogola: "The nurse told her not to miss a dose." Cholakwa chofala ndi "told her to don't miss". Ubwino wa gawo lino ndi wakuti palibe nthawi ya mneni yosintha.

Chovuta ndi kusankha mneni wofotokozera, chifukwa pamafunika kumva cholinga cha woyankhula osati maonekedwe a chiganizo. "Could you lend me your hoe?" chili ndi mfunsiro, koma ndi pempho, ndiye ndi "asked me to lend him my hoe". Please amachoka chifukwa asked kapena begged wanyamula kale ulemuwo. "Would you like some tea?" ndi offered. "You had better see a doctor" ndi advised. "Don't forget to lock the gate" ndi reminded. "Let's start" ndi "suggested starting" kapena "suggested that we should start", ndipo "suggested us to start" palibe m'Chingerezi cholondola, ngakhale chimamveka pafupipafupi.

Aneniwa tawagawa m'makhadi a mitundu inayi malinga ndi chimene chimawatsatira. Ofiira ndi otsatidwa ndi to mwachindunji: promise, offer, refuse, agree, threaten. Obiriwira amafuna munthu kenako to: advise, warn, remind, invite, encourage, order. Achikasu amatsatidwa ndi mneni wothera ndi ing: admit, deny, suggest. Abuluu ali ndi mperekezi wawo: apologise for, accuse of, insist on, congratulate on, blame for. Wophunzira amatola khadi la mawu a mwini, monga "I didn't take the money", n'kufunafuna mneni woyenera, ndipo mtundu wa khadi umamuuza kamangidwe: "He denied taking the money." Kumene manila a mitundu sapezeka, mzere wa choko chamtundu kapena chilembo pa ngodya chikugwira ntchito yomweyo.

Kubwerera ku zoyankhula mwini

Tsamba limodzi lokha. Mpatuliro umabwera mitengero isanatsegulidwe, liwu loyamba la mwini limayamba ndi chilembo chachikulu, ndipo mpumiro, mfunsiro kapena mfuwuliro zimakhala m'kati mwa mitengero. Chiganizo chikaduliridwa pakati, gawo lachiwiri limayamba ndi chilembo chaching'ono: "I am tired," she said, "but I will finish." Ngati gawo loyamba linali chiganizo chathunthu, pambuyo pa said pamakhala mpumiro ndipo lachiwiri limayamba ndi chachikulu. Said Chikondi ndi Chikondi said onse ndi olondola, koma ndi mlowam'malo, m'Chingerezi cha masiku ano timalemba she said.

Ndime zazitali ndi nyuzipepala

Chiganizo chimodzichimodzi si cholinga chomaliza. Amene adzalembe maminitsi a msonkhano wa komiti ya sukulu kapena lipoti la kuntchito adzafotokoza mawu a munthu mmodzi kwa ndime yonse. Ophunzira amayamba chiganizo chilichonse ndi "He said that", kapena amayamba bwino n'kubwerera ku I ndi will pa chiganizo chachitatu. Tsamba 19 likuonetsa kuti mneni wofotokozera akatchulidwa kamodzi, nthawi yakale yokha imakwana kupitiriza, ndipo added, explained ndi went on to say amalowa pamene mfundo yasintha.

Pa ntchito imeneyi tikugwiritsa ntchito nkhani zodula mu The Nation ndi The Daily Times. Gulu limadula mzere kunsi kwa aneni onse ofotokozera, kenako limasankha ndime imodzi n'kuibwezera m'mawu a mwini. Apa amakumana ndi says ndi has said, amene sakokera mneni kumbuyo, komanso ndi njira zimene Chingerezi chimanenera akuti popanda kutchula wonena: it is said that, is reported to have, is alleged to have. Amaphunziranso kuti aneniwa sali ofanana mphamvu. Stated ndi wongofotokoza, claimed akuonetsa kuti wolemba sakutsimikiza, ndipo admitted akutanthauza kuti munthuyo wavomera chinthu chomuipira. Wolemba admitted pamene munthu anangonena wamuika mnzake pa mlandu umene sanavomere, ndipo tikufuna ophunzira adziwe kulemera kwa zimenezi asanachoke pa sukulu.

Pomwe tafika ndi zotsala

Masamba 1 mpaka 20 alembedwa ndipo ayesedwa m'makalasi a Fomu 3. Tsamba 21, la mawu ofuula, malonje, inde ndi ayi, likadali lolemba pamanja. Zitsanzo zake zakonzeka: "What a beautiful garden!" kukhala "she exclaimed that the garden was beautiful", "Thank you" kukhala thanked, "Good morning" kukhala greeted, ndipo yes ndi no kukhala agreed, refused, kapena "said that he did" ndi "said that he didn't" malinga ndi funso.

Pa mayankho a kumapeto tinasiyana maganizo. Ena amafuna yankho limodzi pa funso lililonse kuti kuchonga kusavute m'kalasi yaikulu. Ena akuti kutero n'kubwezera ophunzira ku kuloweza kumene kabukuka kakufuna kuthetsa. Tagwirizana kuti pamene mayankho awiri ndi olondola, monga became ndi had become, onse alembedwe ndi chifukwa chake m'mzere umodzi. Pa malangizo a mayeso talemba kuti funso likapereka said popanda kutchula tsiku kapena malo, wophunzira abwerere kumbuyo ndi kusintha mawu a nthawi, chifukwa kutero sikumulakwitsa, kupatula pa must wongoganizira, pa if wa chikhumbo ndi pa aneni osasintha aja. Pochonga, malikisi agawidwe pa zinthu zinayi: mneni wofotokozera ndi mlumikizi wake, alowam'malo, nthawi ya mneni, ndi mawu a nthawi ndi malo. Motero wophunzira amaona pamene wagwera, osati mtanda umodzi pa chiganizo chonse.

Fotokope yoyesera inaonetsa kuti mabokosi okhala ndi mthunzi amada mpaka mawu osaoneka, choncho onse asanduka mizere wamba, ndipo zilembo za tebulo la tsamba 9 zakulitsidwa. Makhadi a liwu limodzi amang'ambika m'mbali akadutsa m'manja ambiri, ndiye tikuwamata selotepi mbali zonse ziwiri ndi kulemba nambala ya envelopu kuseri kuti osochera abwerere kwawo. Sabata ikubwerayi tilemba mayeso oyesera a mafunso 20 osankha yankho ndi ndime imodzi yosintha, kenako kabuku konse kayesedwa ku Fomu 4. Mphunzitsi aliyense wa gulu abweretsenso timapepala ta zolakwa zatsopano, tisanjidwe m'milu yomwe ija, kuti tione ngati mulu wa mafunso ukufunika masamba owonjezera tisanasindikize.